William Sealy Gosset, wofulula mowa wa ku Dublin amene anabisa dzina lake m'masamu

Ambiri mwa ife amene tikukhala ku Dublin timadziwa St James's Gate chifukwa cha fungo la balere wokazinga limene limamveka cha ku siteshoni ya Heuston. Pamenepo ndi pa fakitale ya Guinness. Kaya timamwa kaya sitimwa, malowa ali ndi mbiri imene ikukhudza ana athu. Mwana aliyense amene adzaphunzire udokotala, unamwino, ulimi kapena zachuma ku yunivesite adzakumana ndi njira ya masamu yotchedwa Student's t-test. Ambiri akamva dzinali amaganiza kuti ndi mayeso a ana asukulu, chonsecho Student linali dzina lobisalira la William Sealy Gosset, munthu amene anagwira ntchito yofulula mowa pa fakitaleyi kwa zaka 36. Funso limene analimbana nalo moyo wake wonse linali lakuti manambala tingawakhulupirire mpaka pati.

Mlendo wochokera ku Canterbury

Gosset anabadwa pa 13 June 1876 mumzinda wa Canterbury ku England. Anali woyamba kubadwa m'banja la ana asanu. Bambo ake, a Frederic Gosset, anali msilikali waudindo mu gulu la mainjiniya la Royal Engineers, ndipo mnyamatayu ankafuna kutsata mapazi awo, koma maso ake sankaona bwino moti khomo la usilikali linatsekeka. Ataphunzira ku Winchester College anapita ku New College ku Oxford, kumene anachita masamu ndi kemisitiri, n'kumaliza mu 1899.

Chaka chomwecho anawoloka nyanja kubwera ku Dublin kudzayamba ntchito. Kampani ya Guinness, imene Arthur Guinness anaiyambitsa pamalowa mu 1759, inali itakula kufika pokhala fakitale ya mowa yaikulu kuposa ina iliyonse padziko. Mabwana ake anaona kuti mowa wochuluka chomwechi sungadalire mphuno ndi lilime la akatswiri akale okha, choncho anayamba kulemba ntchito anyamata a sayansi ochokera ku Oxford ndi Cambridge. Gosset anali mmodzi wa anyamatawo. Anafika ali mlendo, ndipo anakhalabe ku Dublin pa nthawi ya chipolowe cha Isitala cha 1916, pa nkhondo yomenyera ufulu, mpaka dziko la Irish Free State litakhazikitsidwa mu 1922. Mu 1906 anakwatira Marjory Surtees Phillpotts, katswiri wa masewera a hockey, ndipo anabereka ana atatu, mwamuna mmodzi ndi akazi awiri.

Vuto la zitsanzo zochepa

Aliyense amene anaonapo agogo akukonza thobwa akudziwa kuti zonse zimayambira pa chimera. Ku Guinness chimera chake ndi cha balere, ndipo amathiramo maluwa owawa otchedwa hops komanso yisiti. Zinthu zitatuzi zimasintha malinga ndi munda, mvula ndi chaka. Kampani inkafuna kudziwa kuchuluka kwa shuga amene chimera chingatulutse, chifukwa mphamvu ya mowa komanso msonkho wa boma zinkadalira pamenepo. Koma kuyesa kulikonse kunkadya nthawi ndi ndalama, moti kawirikawiri Gosset ankakhala ndi zotsatira zitatu, zinayi kapena zisanu zokha.

Vutoli timalidziwa. Wogula chimanga pamsika amapisa dzanja m'thumba kawiri kapena katatu kuti aone ngati chafumbwa. Akapeza chabwino katatu konse, ali ndi chifukwa chokhulupirira thumba lonse, koma chikhulupirirocho chili ndi malire. Masamu a nthawi imeneyo ankadziwa kuwerengera malirewo ngati munthu wapisa dzanja kambirimbiri. Pa zitsanzo zochepa njirayo inkapereka chitsimikizo chopitirira muyeso, chifukwa kusiyanasiyana kwa zinthuzo nakonso kumakhala kongoyerekezera kuchokera pa zitsanzo zochepa zomwezo.

Mu 1904 Gosset analembera mabwana ake lipoti lofotokoza mmene masamu a zolakwika poyesa angathandizire pa fakitale. Chaka chotsatira anakumana ndi Karl Pearson, amene anali mkulu wa masamu a ziwerengero ku University College London, ndipo mu 1906 ndi 1907 kampani inamupatsa mpata wokaphunzira mu labotale ya Pearson. Nkhani yake yoyamba kusindikizidwa, ya mu 1907, inali yokhudza zolakwika zimene zimachitika powerenga maselo a yisiti pa maikulosikopu.

Makadi 3,000

Ntchito imene inamutchukitsa inatuluka mu 1908 m'magazini ya sayansi ya Biometrika, pa mutu wakuti The Probable Error of a Mean. Popeza kunalibe kompyuta, Gosset anayesa ganizo lake ndi manja. Anatenga miyeso ya kutalika kwa akaidi 3,000 ndi kutalika kwa chala chawo chapakati, n'kuilemba pa makadi 3,000. Anawasakaniza bwinobwino, n'kuwagawa m'magulu 750 a makadi anayianayi. Pa gulu lililonse anawerengera avereji ndi kusiyanasiyana kwake, kenako n'kuona kuti magulu ang'onoang'onowa akuphonya motani avereji yeniyeni ya akaidi onse, imene ankaidziwa kale. Zimene anapeza zinagwirizana ndi masamu amene anali atalemba.

Phindu lake limaoneka m'manambala ochepa chabe. Kuti munthu akhale wotsimikiza ka 95 pa 100, njira yakale inkati kusiyana kumene wapeza kupose mlingo wa zolakwika ka 1.96. Tebulo lochokera ku ntchito ya Gosset limati ngati zitsanzo ndi zinayi zokha, malirewo ndi 3.18. Zikakhala 10 amatsika kufika pa 2.26, ndipo zikakhala 30 amafika pa 2.05. Zitsanzo zikachepa, umboni uyenera kukula munthu asanatsegule pakamwa.

Kampani inamulola kusindikiza pokhapokha asatchule dzina lake kapena la Guinness, poopa kuti makampani ena angazindikire chida chimene chinkaipindulitsa. Anasaina kuti Student, ndipo pafupifupi zonse zimene anasindikiza zinatuluka m'dzina limeneli. Kwa zaka zingapo anthu sanalabadire kwenikweni. Amene anaona kufunika kwake anali Ronald Fisher, yemwe mu 1912 ali wophunzira ku Cambridge anatumizira Gosset umboni wa masamu wotsimikizira zimene iye anafika nazo mongoyesa. Fisher anakonzanso njirayi kukhala mmene tikuidziwira lero, ndipo buku lake la mu 1925 linaifikitsa kwa ofufuza padziko lonse.

Kuyendera limodzi si chibale

Nkhani ina ya Gosset, yaifupi ndiponso yosatchuka kwambiri, inatuluka mu Biometrika mu 1914. Inali yokhudza manambala amene amalembedwa motsatana chaka ndi chaka, monga mitengo ya zinthu, zokolola kapena chiwerengero cha anthu. Manambala otere ali ndi msampha. Zinthu ziwiri zikamakwera chaka chilichonse, masamu amaonetsa kuti n'zogwirizana kwambiri ngakhale palibe chozilumikiza kupatula kupita kwa nthawi.

Tiyerekeze kuti talemba kutalika kwa mwana wathu kwa zaka zinayi, masentimita 120, 126, 131 ndi 138, ndipo pambali pake talemba mtengo wa thumba la chimanga ku Lilongwe, umene nawonso wakhala ukukwera. Tikajambula tchati, mizere iwiriyo ikwera limodzi, koma palibe angati mwanayo ndi amene akukweza chimanga. Anthu awiri oyenda msewu umodzi kupita ku chigayo sakhala pachibale chifukwa cha msewuwo.

Njira yothawira msamphawu ndiyo kusiya manambala enieniwo n'kuyang'ana kusintha kwake. Mwana uja anakula ndi masentimita 6, kenako 5, kenako 7. Funso tsopano likhale lakuti kodi chaka chimene anakula kwambiri ndi chomwenso chimanga chinakwera kwambiri. Ngati palibe ubale, kugwirizana kuja kumazimiririka. R. H. Hooker anali atayesapo kale zimenezi pa mitengo ya mbewu mu 1905. Chimene Gosset anawonjezera ndi kusonyeza kuti kuchotsera kamodzi kukapanda kukwanira, munthu angachotserenso kachiwiri ndi kachitatu, mpaka gawo lobwera ndi nthawi litatheratu n'kutsala ubale weniweni, ngati ulipo.

Balere m'munda, mkaka m'sukulu

Ntchito yake yambiri inali ya ulimi. Guinness inkagula balere wambiri kwa alimi a ku Ireland, ndipo pamodzi ndi unduna wa zaulimi inkayesa mitundu ya balere m'minda yosiyanasiyana. Gosset ndiye ankasanthula zokolola za m'mindamo, akugwira ntchito ndi akatswiri a mbewu monga Edwin Beaven wa ku Warminster ndi Herbert Hunter, amene anatulutsa mtundu wa Spratt-Archer umene unafala kwambiri ku Ireland. Ankalimbikitsa kudzala mitundu iwiri moyandikana m'mizere yopapatiza, kuti kusiyana kwa chonde kusasokoneze zotsatira. Mafunso ake ndi omwe amafunsidwa lero ku malo ofufuzira zaulimi monga Chitedze ndi Bvumbwe akamayerekeza mbewu yatsopano ya chimanga ndi yakale.

Mu 1931 analemba za kafukufuku wamkulu amene anachitika ku Lanarkshire ku Scotland chaka cha 1930. Ana asukulu 20,000 anatenga nawo mbali kwa miyezi inayi. Ana 5,000 ankamwa mkaka wosaphitsa, ena 5,000 ankamwa wophitsa, ndipo 10,000 sankalandira mkaka. Gosset anapeza kuti aphunzitsi analoledwa kusintha mayina pa mndandanda, ndipo mwachifundo ankaika ana ooneka anjala m'gulu lolandira mkaka, moti magulu awiriwo anali osiyana kale kafukufuku asanayambe. Anawo ankapimidwa atavala zovala, mu February kukuzizira ndi mu June kukutentha, ndipo ana a m'mabanja opeza bwino ndi amene anavula zolemera kwambiri pofika June. Komanso sukulu iliyonse inkalandira mtundu umodzi wokha wa mkaka. Iye anati pofuna kuyerekeza mitundu iwiri ya mkakawo, mapasa ofanana okwana mapeya 50 akanapereka yankho lodalirika pa ndalama zochepa kwambiri. Munthu amene anatchuka ndi zitsanzo zochepa anasonyeza kuti zitsanzo zambiri zosankhidwa mokondera sizipulumutsa kafukufuku.

Munthu wake ndi imfa yake

Amene anamudziwa ankamufotokoza ngati munthu wodzichepetsa, wokonda kuwedza nsomba, kulima zipatso ndi kukhoma maboti. Karl Pearson ndi Fisher ankadana kwambiri, koma Gosset anakhala bwenzi la onse awiri ndipo ankalemberana nawo makalata. Kalata imene analembera Egon Pearson, mwana wa Karl, mu 1926 inathandiza kuyambitsa njira yoyesera maganizo awiri opikisana imene Egon anakonza ndi Jerzy Neyman. Kumapeto kwa moyo wake anatsutsana ndi Fisher poyera pa nkhani ya kayalidwe ka minda yoyesera, ndipo sanagonje chifukwa cha kutchuka kwa mnzakeyo.

Mu 1934 anachita ngozi ya galimoto imene inamusiya akutsimphina. Pa nthawiyo mayiko a Ireland ndi Britain anali pa mkangano wa misonkho umene unayamba mu 1932, ndipo Guinness inaganiza zomanga fakitale ina ku Park Royal ku London. Gosset anasamukira kumeneko mu 1935 ngati mkulu wa ofulula mowa. Anamwalira ndi matenda a mtima pa 16 October 1937 ku Beaconsfield ali ndi zaka 61. Zolemba zake anazisonkhanitsa m'buku limodzi mu 1942, ndipo ku Guinness Storehouse kuli chikwangwani chomukumbukira.

Zimene zinamera pa funso la 1914

Msampha wa manambala otsatana sunathe ndi nkhani imodzi. Mu 1926 George Udny Yule anasonyeza kuti ku England ndi Wales, pakati pa 1866 ndi 1911, gawo la maukwati omangidwa mu mpingo wa Church of England linkatsika limodzi ndi chiwerengero cha imfa, ndipo kugwirizana kwake kunali 0.95 pa sikelo imene imathera pa 1. Palibe akanati ukwati wa mu tchalitchi umapha anthu. Mu 1974 Clive Granger ndi Paul Newbold a ku Nottingham anachita pa kompyuta zofanana ndi zimene Gosset anachita ndi makadi. Anapanga mizere ya manambala ongoyendayenda, yosagwirizana m'pang'ono pomwe, n'kuiyesa iwiriiwiri. Mayeso a t anayenera kunamizidwa kasanu pa 100, koma ananamizidwa pafupifupi katatu pa kanayi kalikonse. Chida cha Gosset chikagwiritsidwa ntchito pa manambala amene iye anachenjeza, chimanama.

Gwero la vutoli akatswiri a zachuma amalitcha unit root. Tiganize kuti nambala ya lero ndi gawo lina la nambala ya dzulo kuphatikizapo zatsopano za lero. Ngati gawolo ndi theka, chododometsa cha 100 chimatsala 50 mawa, 25 mkuja, mpaka kuiwalika. Umu ndi mmene mtengo wa tomato umachitira, kukwera akasowa n'kubwerera akachuluka. Koma ngati gawolo ndi 1 ndendende, chododometsa chilichonse chimakhala mpakampaka ndipo zatsopano zimangounjikana pamwamba pake. Ife otumiza ndalama kumudzi tinaona chinthu chonga chimenechi mu November 2023, pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti ndipo sinabwererenso pomwe inali.

Mu 1979 David Dickey ndi Wayne Fuller, amene anayambira ntchitoyi ku Iowa State University, anasindikiza njira yoyesera ngati gawo lija ndi 1 kapena ndi locheperapo. Kawerengedwe kake n'kofanana ndi ka t ya Gosset, koma tebulo lake ndi lina. Pa mtundu wodziwika kwambiri wa mayesowa, malire ndi pafupifupi -2.86 pamene tebulo lachizolowezi likanati -1.65. Wofufuza akapeza unit root, mankhwala oyamba ndi omwe aja a 1914, kuyang'ana kusintha m'malo mwa manambala enieni.

Komabe mankhwalawa ali ndi mtengo wake, chifukwa zinthu zina zimayendera limodzi pokhala pachibale chenicheni. Ng'ombe ziwiri za m'goli limodzi zikhoza kusochera n'kupita kulikonse, koma mpata wa pakati pawo sungakule kuposa goli. Mtengo wa chimanga ku Mchinji ndi wa ku Lilongwe uli chomwecho, chifukwa ukasiyana kwambiri mavenda amakweza matumba pa lole kupita kodula mpaka mpatawo utachepa. Ku Ireland kuno goli lotere linalipo mpaka March 1979, pamene paundi ya dziko lino inali yofanana ndendende ndi ya ku Britain, ndipo mitengo ya m'mayiko awiriwa sinkatha kutalikirana kwa nthawi yaitali. Munthu akangoyang'ana kusintha kwa chaka ndi chaka, goli limeneli saliona.

Granger anatcha ubale wotere cointegration, ndipo mu 1987 iye ndi Robert Engle anafotokoza kayesedwe kake. Choyamba amaona ngati mzere uliwonse uli ndi unit root. Kenako amawerengera mlingo wolumikiza mizere iwiriyo n'kutenga mpata wotsala. Pomaliza amayesa mpatawo. Ngati umabwerera pamalo ake, goli lilipo, koma ngati nawonso ukungoyendayenda, ndi anthu awiri ongokumana pamsewu. Søren Johansen wa ku Copenhagen anakulitsa njirayi mu 1988 kuti igwire mizere yambiri nthawi imodzi, ndipo mu 2003 Granger ndi Engle analandira mphoto ya Nobel ya zachuma. Mabanki aakulu a mayiko amagwiritsa ntchito njira zimenezi pofufuza ubale wa ndalama, mitengo ndi chiwongoladzanja.

Kwa ife ndi ana athu

Tsiku ndi tsiku mafoni athu amalandira matchati pa WhatsApp ndi Facebook, osonyeza mizere iwiri ikukwera limodzi ndi mawu akuti ichi ndicho chayambitsa icho. Ena amanena za mitengo ya kumudzi, ena za lendi ya nyumba ku Dublin ndi kuchuluka kwa alendo ngati ife, ena za mankhwala amene akuti anachiritsa anthu atatu. Zosankha zathu pa ndalama, thanzi ndi ndale zimakhudzidwa ndi mauthenga oterewa. Moyo wa Gosset watisiyira mafunso atatu amene ngakhale mwana wa ku sekondale angafunse patebulo la chakudya chamadzulo. Zitsanzo zake ndi zingati? Anazisankha ndani, ndipo motani? Zinthu ziwirizi zili m'goli limodzi, kapena zikungoyenda msewu umodzi?

Gosset anali ndi mwayi umene ambiri a ife tilibe, digiri ya ku Oxford ndi bwana wolola kuti akaphunzire ali pa malipiro. Koma sanakhalepo pulofesa, ndipo mafunso ake onse anawatola pa ntchito, m'chimera, m'yisiti ndi m'minda ya alimi. Akuluakulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Ana athu akamasankha maphunziro a Leaving Certificate, tiwakumbutse kuti masamu a Higher Level amawonjezera mapointi 25 kwa wopeza H6 kapena kuposa, ndipo akakakumana ndi dzina la Student m'buku la ku koleji, adziwe kuti mwini wake anali munthu wobwera amene ankagwira ntchito pa James's Street.